Kusankha manambala monga nyemba: nchito ya wowerengera ndalama pa kompyuta

Musanaphike nyemba, mumayamba mwazisankha. Mumacotsa timiyala, zofumbwa ndi zinyalala. Mukacita ulesi, wina adzaluma mwala. Wowerengera ndalama, amene ambiri timamuchula kuti contabilista, nayenso amasankha manambala asanawaphatikize.

Masiku ano nchito imeneyi imacitika pa kompyuta, m'pulogalamu monga Excel. Mukaitsegula mumaona tsamba lodzaza ndi timabokosi. Pa Cipwitikizi tsambali amati folha de cálculo. Mzere uliwonse umasunga nkhani imodzi: tsiku, katundu, wogula ndi ndalama. Kompyuta imaphatikiza mizere yambirimbiri m'kanthawi kocepa. Koma imangowerenga zimene mwaipatsa. Mukaipatsa zolakwika, yankho lidzalakwikanso.

Nanga timiyala ta m'manambala ndi titi?

Koyamba ndi dzina limodzi lolembedwa mosiyanasiyana. Tinene kuti gulu lanu la alimi limagulitsa cimanga. Wina walemba "cimanga", wina "chimanga", wina "milho". Inu mukudziwa kuti ndi cinthu cimodzi. Kompyuta ikuona zinthu zitatu. Ngakhale kampata kosaoneka kumapeto kwa liwu kamaisokoneza.

Kaciwiri ndi mzere wolembedwa kawiri. Munagulitsa matumba a 3.000 MT kamodzi, koma anthu awiri analemba malondawo. Buku likunena kuti muli ndi 6.000 MT, pamene m'bokosi muli 3.000 MT basi. Mawa anthu ayamba kulozana zala, cikhalireco palibe waba.

Kacitatu ndi kadontho ndi koma. Kuno ku Mozambique timalemba 1.500,00. Ku Malawi amalemba 1,500.00. Ngati mumacita malonda ndi a kutsidya kwa malire, samalani apa. Kompyuta yokonzedwa m'Cipwitikizi ikaona 1,500 imawerenga kuti ndi metikali imodzi ndi theka. Nthawi zina imayesa nambala ngati liwu wamba, ndipo imaidumpha pophatikiza osakuuzani.

Kacinayi ndi tsiku. Kwa ife 03/04 ndi pa 3 Epulo. Ku America ndi pa 4 Malici. Kompyuta ikatsata kalembedwe ka ku America, malonda a mwezi uno amagwera m'mwezi wina.

Kacisanu ndi manambala aatali. Nambala ya ku banki yochedwa NIB ili ndi manambala 21. Excel imasunga bwino manambala 15 okha, otsalawo imawasandutsa maziro. Maziro a kutsogolo imawacotsa. Conco NIB iyenera kusungidwa ngati mawu, osati ngati nambala yophatikiza. Apo ayi malipiro sadzafika kwa mwini wake.

Wowerengera ndalama angathe kukonza zonsezi ndi manja, mzere ndi mzere. Koma mizere ikaculuka, nchitoyi imadya masiku. Maso akatopa, zolakwa zina zimadutsa. Ndiye mwezi wamawa ayambirenso? Apa m'pamene amaphunzitsa kompyuta kuti izisankha yokha.

Mu Excel muli cida cochedwa Power Query. Munthu amakonza tsamba kamodzi, cidaco cikulemba masitepe onse amene akucita. Cotsa timipata. Paliponse pali "milho" kapena "chimanga", lemba "cimanga". Werenga masiku poyamba ndi tsiku, kenako mwezi. Sunga NIB ngati mawu. Mwezi wotsatira amangobweretsa mizere yatsopano n'kudina batani la Atualizar. Kompyuta imabwereza masitepe aja mu ndondomeko yomweyo. Sitopa, ndipo siiwala sitepe.

Koma musaganize kuti munthu wapuma. Kompyuta sidziwa zimene zinacitika pamsika. Mizere iwiri yofanana ingakhale malonda awiri enieni: munthu mmodzi anagula thumba m'mawa, n'kudzagulanso madzulo. Mukaiuza kuti ifufute zofanana zonse, ndalama zenizeni zidzasowa m'buku. N'cifukwa cake wowerengera ndalama wosamala amayang'ana nambala ya risiti asanafufute mzere.

Ngakhale maofesi aakulu amapunthwa. Mu 2020, ku England, maina a anthu 15.841 amene anapezeka ndi COVID-19 sanalowe m'ciwerengero pa nthawi yake. Zotsatira za kupimidwa zinkalowa zokha m'mafaelo a Excel a mtundu wakale, amene amathera pa mizere 65.536. Faelo ikadzaza, zotsala zinkangotayika. Anthu amene anakumana ndi odwalawo anacedwa kucenjezedwa.

Tsono pali malamulo atatu amene wowerengera ndalama wabwino saiwala. Amasunga tsamba loyamba osalikhudza, n'kumakonza pa kope lake. Amawerenga mizere asanayambe ndiponso akamaliza, kuti adziwe imene yacoka ndi cifukwa cake. Pomaliza amayerekeza ciwerengero conse ndi pepala la ku banki, mauthenga a M-Pesa kapena e-Mola, ndi ndalama za m'bokosi. Zikasiyana, ngakhale ndi 50 MT, amafufuza mpaka apeze.

Mwina mukuti, "Ine kompyuta ndilibe, zikundikhudza bwanji?" Zikukukhudzani ndithu. Manambala ambiri a pa kompyuta amayambira m'kope la munthu ngati inu, msungi wa ndalama za gulu kapena wogulitsa pa banka. Mukamalemba, lembani malonda amodzi pa mzere umodzi. Katundu mmodzi akhale ndi dzina limodzi nthawi zonse. Tsiku lilembeni lonse, monga 3 Epulo 2025. Ikani nambala ya risiti pa mzere uliwonse, ndipo risitiyo isungeni pouma. Mukalakwitsa, dulani ndi mzere umodzi kuti zakale zizioneka, n'kulemba zoona pambali.

Mukatero, kope lanu likafika kwa contabilista lidzakhala losankha kale. Ndipo tsiku logawana phindu, wina akafunsa za ndalama zake, mudzatsegula kope n'kumuonetsa mzere wake.