Waya Wosataya Magetsi: Mmene Chinthu Chonga Mbiya Chikusandukira Lamba

Gwirani chaja ya foni imene yakhala ikugwira ntchito kwa ola limodzi, mudzamva kuti yafunda. Kufundako ndi magetsi amene atayika. Waya aliyense, wa kopa kapena wa aluminiyamu, amakaniza magetsi pang'ono, ndipo mphamvu ina imasanduka kutentha. N'chimodzimodzi ndi mawaya a ESCOM onyamula magetsi ochokera ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira: magetsi ena amathera m'njira asanafike kuno ku Dedza.

Mu 1911, katswiri wa ku Netherlands, Heike Kamerlingh Onnes, anapeza kuti mercury ikazizira kufika pa -269°C imasiyiratu kukaniza magetsi. Chinthu chotere amachitcha superconductor. Koma kuziziritsa mpaka pamenepo kumafuna helium wamadzi, amene ndi wodula kwambiri.

Zinthu zinasintha mu 1987 pamene akatswiri anapanga YBCO, msanganizo wa yttrium, barium, kopa ndi oxygen. Anthu a sayansi amati YBCO imagwira ntchito "pa kutentha kwakukulu", koma musanyengedwe ndi mawuwo, chifukwa akunena za -180°C. Chisanu cha mu Julayi chimene timalira nacho m'mapiri muno sichiyandikirako n'komwe. Ubwino wake ndi wakuti nitrogen wamadzi, amene amakhala pa -196°C, amakwanira kuiziziritsa, ndipo ndi wotchipa popeza nitrogen ndiye gawo lalikulu la mpweya umene watizungulira.

Nanga n'chifukwa chiyani mawaya otere sanafale, patatha zaka zoposa 30? YBCO si chitsulo. Ili m'gulu limodzi ndi makapu a ku Dedza Pottery: yolimba, koma mukati muipinde imasweka. Komanso timibulu take tiyenera kuyang'ana mbali imodzi. Tikapendekeka pang'ono chabe, magetsi amavutika kudutsa pamene tiwiri takumana.

Nzeru imene anapeza ndi yosiya kuumba waya, n'kumapaka YBCO pa lamba wachitsulo wopyapyala, wa mamilimita 4 mpaka 12 m'lifupi. Pa lambayo amayamba ayala timiyalo tina tomwe ntchito yake ndi kulondolera timibulu tija kuti tifole bwino, kenaka YBCO, siliva, ndipo kunja amakuta ndi kopa. Muyalo wa YBCO umakhala wa micrometre imodzi kapena ziwiri, kuchepa kwambiri kuposa tsitsi limodzi, n'chifukwa chake umapindika osasweka. Ntchito yovuta ndi kuchita zimenezi pa mamita mazanamazana popanda chilema, pakuti malo amodzi olakwika amachepetsa mphamvu ya lamba yense.

Malamba amenewa ayamba kugwira ntchito. Mu 2021, mzinda wa Shanghai unayatsa chingwe cha makilomita 1.2 chopangidwa ndi malamba otere, ndipo chaka chomwecho MIT ndi kampani ya Commonwealth Fusion Systems anayesa maginito wa mphamvu ya ma tesla 20.

Ine sindikuona chingwe chotere chikukwera mapiri a Dedza posachedwapa. Chimafuna makina oziziritsa osapuma usana ndi usiku, ndipo makinawo amadyanso magetsi. Phindu lake limaoneka m'mizinda yothinana, kumene magetsi ambiri ayenera kudutsa pa malo ochepa. Kumene nkhaniyi ikutikhudza msanga ndi m'nthaka. Yttrium amawerengedwa m'gulu la miyala ya rare earth, ndipo miyala ya gulu limeneli ndi imene makampani a migodi akuifuna ku Kangankunde m'boma la Balaka ndi ku phiri la Songwe m'boma la Phalombe.