Diso Liona Bwino Kumene Mwaika Mtima

Lero tikambirane za maso.

Tambasulani mkono, muyang'ane chikhadabo cha chala chanu chachikulu. Malo aang'ono ngati amenewo ndiwo okha amene diso liona mwangwiro, ndipo kachigawo ka m'kati mwa diso kogwira ntchitoyi madokotala akatcha fovea. Za m'mbali zonse muziona mwachimbuuzi, koma simuzindikira chifukwa diso limadumpha katatu kapena kanayi pa sekondi imodzi. Mukaima pa Queen's View pamwamba pa phiri, muyesa kuti muli kuona nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje pamodzi. Iyayi, muli kuziona chimodzichimodzi.

Tsono diso siligwira ntchito lokha. Bambo Helmholtz wa ku Germany, amene anamwalira mu 1894, anapachika pepala la zilembo zambiri mumdima, nayang'anitsitsa kabowo ka pakati pake. Asanawalitse magetsi, anasankhiratu mumtima mbali imene afuna kuwerenga. Kuwalako kunali kwa kamphindi, kotero kuti diso silikanatha kutembenuka. Komabe anawerenga zilembo za mbali imene anasankhayo, zinazo osaziwerenga.

Mu 1998 akatswiri awiri a ku New York University, Yaffa Yeshurun ndi Marisa Carrasco, anasonyeza kuti maganizo akakokedwa pa malo ena, diso limalekanitsa bwino tinthu tating'ono tothithikana pamenepo. Anapezanso chodabwitsa. Anthu anauzidwa kupeza kagulu ka mizere yopendekera kwina pakati pa mizere yambiri. Kaguluko kakakhala m'mbali, kukoka maganizo kunathandiza. Kakakhala pakati, kumene diso liona kale bwino, kunaononga, pakuti munthu anaona timizere tokha n'kutaya chithunzi chonse. Alimi zimenezi muzidziwa: chigawo cha chimanga chimene chayamba chikasu muchiona msanga mutaima kumalire a munda, osati mutawerama pa phando limodzi.

Inu oyendetsa galimoto ndi njinga pa msewu wokhotakhota wokwera ku Ku Chawe, mverani. Mwana wosenza nkhuni amayamba kuonekera m'mbali mwa diso, kumene kuli chimbuuzi chija. Mtima wanu ukakhala pa foni, kapena pa mkangano wa ndalama ndi amene mwamunyamula, mbali imeneyo ilibe chithandizo, ngakhale maso ali gwa pamsewu. Ine ndiyesa kuti ambiri onena kuti "sindinamuone" sali kunama konse.

Madzulo ano yesani izi posankha mpunga. Ikani maso pa njere imodzi pakati pa lichero, musawasunthe, ndipo tumizani maganizo kumanja, kenaka kumanzere. Muwerenge timiyala timene mutazindikire mbali iliyonse.