Lipoti la ku kiliniki ya pa esiteti limafika liti pa seva?

Mwezi ukatha, zipatala za m'boma la Thyolo, pamodzi ndi makiliniki a m'maesiteti a tiyi, zimawonkhetsa ntchito imene zagwira: anthu angati apezeka ndi malungo, ana angati abayidwa katemera, amayi oyembekezera angati abwera ku sikelo. Ziwerengerozi zimachoka m'makaundula n'kulembedwa pa mafomu, ndipo mafomuwo akafika ku ofesi ya DHO pa Boma, kalaliki amazilowetsa mu DHIS2. Iyi ndi pulogalamu ya pa intaneti imene inapangidwa motsogozedwa ndi University of Oslo ku Norway, ndipo Unduna wa Zaumoyo wakhala ukuigwiritsa ntchito kuyambira cha m'ma 2012. Ochita kafukufuku ambiri amatengamo manambala osadziwa kuti analowamo bwanji, chonsecho mipata ina imene amaipeza m'malipoti imayambira pa kalowedweko.

Kompyuta ya kalaliki si imene imasunga ziwerengero. Zimasungidwa pa seva, yomwe ndi kompyuta ina yokhala kutali, yosazimitsidwa, imene ntchito yake ndi kudikira mapempho n'kumawayankha. Ziwirizi zimalankhulana motsatira malamulo otchedwa HTTP, amene Tim Berners-Lee anayambitsa ku CERN cha m'ma 1990. Amene amayamba kulankhula ndi wofuna thandizo, seva imangoyankha.

Pempho lililonse limanena zimene likufuna, kumene likupita ndi mwini wake. Kalaliki akatsegula fomu ya malungo, kompyuta yake imatumiza pempho la mtundu wa GET, lomwe ndi longotenga zinthu. Akalemba nambala m'kabokosi, pamapita pempho la POST, lonyamula nambalayo, chipatala chake, mwezi wake ndi chimene chikuwerengedwa. Likafika, pulogalamu ya pa seva imayamba yaona ngati munthuyo analowa ndi dzina ndi pasiwedi zovomerezeka, ngati ali ndi chilolezo cholemba za chipatala chimenecho, ndiponso ngati mweziwo sunatsekedwe. Zonse zikakhala bwino imalemba nambalayo mu nkhokwe yake yotchedwa PostgreSQL, kenako n'kubweza yankho.

Yankho limayamba ndi nambala ya manambala atatu. Zoyamba ndi 2, monga 200, zimatanthauza kuti zatheka. Zoyamba ndi 4 zimaloza kwa wopempha: 401 ndiye kuti seva sikumudziwa, 404 ndiye kuti chimene akufuna kulibe, ndipo 409 DHIS2 imaitumiza ngati zolembedwazo zikusemphana ndi malamulo ake. Zoyamba ndi 5 zimasonyeza kuti vuto lili ku seva komweko. Kalaliki saziona nambalazi. Iye amangoona kabokosi kakusintha mtundu, kubiriwira ngati zasungidwa, kufiira ngati zakanidwa.

Chovuta kwambiri si yankho lokana ayi, chifukwa wokanidwa amadziwa kuti abwereze. Chovuta ndi yankho losabwera. Thyolo ndi dera la mapiri ndi zigwa, ndipo netiweki imene imagwira bwino pa msewu waukulu wochokera ku Limbe ikhoza kusowa munthu akangotsetserekera kuseri kwa phiri. Ikaduka pakati, pali zinthu ziwiri zimene zingakhale zitachitika, ndipo kwa wotumiza zonse zimaoneka chimodzimodzi. Mwina pempho silinafike n'komwe. Mwinanso linafika, nambala inasungidwa, koma yankho ndi limene linatayika pobwerera.

Pa ziwerengero za pamwezi kubwereza kulibe vuto, popeza nambala ya chipatala chimodzi, mwezi umodzi ndi chinthu chimodzi ili ndi malo amodzi okha, ndipo yatsopano imangolowa m'malo mwa yakale. Nkhani imasintha polembetsa munthu payekha, monga mmene alangizi a zaumoyo amachitira pa matabuleti m'midzi. Mlangizi akaganiza kuti sizinapite n'kuyambanso fomu yatsopano, mayi mmodzi amasanduka amayi awiri. N'chifukwa chake pulogalamu ya DHIS2 ya pa Android imapatsa cholembedwa chilichonse chizindikiro chake cha zilembo ndi manambala 11 chikadali pa tabuleti, n'kuchisunga pomwepo mpaka netiweki itapezeka. Chikatumizidwa kawiri, seva imazindikira kuti ndi chomwechija. Koma chitetezochi chimathandiza pa kutumizanso kokha, osati munthu akalembedwa kachiwiri ndi manja. Kumaesiteti, kumene anthu othyola tiyi amachuluka nyengo ya mvula ndipo ena amapita ku kiliniki ya pa esiteti lero, mawa ku chipatala cha kwawo, kulemba munthu kawiri ndi vuto lomwe lilipo kale ngakhale netiweki ili bwino.

Palinso zinthu ziwiri zimene zimasokoneza ngakhale anthu ozolowera. DHIS2 siisunga ziro pokhapokha amene anakonza fomu atalamula kuti pa chinthu chimenecho ziro ndi wofunika. Choncho kabokosi kopanda kanthu kangatanthauze kuti kunalibe wodwala, kapena kuti lipoti silinafike. Chinanso, nambala yosungidwa masana siionekera nthawi yomweyo pa matebulo ndi magalafu, chifukwa seva imawakonzanso pa nthawi yake, kawirikawiri usiku.

Taganizirani za Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula milatho ndi kugwetsa mapolo a magetsi m'chigawo cha kumwera, Thyolo ali m'gulu la maboma okhudzidwa, mliri wa kolera umene unayamba mu 2022 usanathe. Wofufuza amene angaone mipata m'malipoti a mwezi ngati umenewo n'kuiwerenga ngati ziro adzalemba kuti matenda anachepa pa nthawi imene anthu ankamwa madzi oipa. Woitanitsa mankhwala akatsatira nambala zomwezo adzatumiza LA ndi ORS wochepa kumene akufunika kwambiri.

Asanayambe kuwerengera, wofufuza ayenera kutsegula kaye lipoti la mu DHIS2 losonyeza zipatala zimene zinatumiza mafomu mwezi uliwonse ndiponso ngati anamalizidwa pa nthawi yake. Pamene pali mpata, afunse ku ofesi ya DHO ngati fomu ya pepala ilipo, ndipo ngati n'kotheka apite ku kiliniki komweko akaone kaundula.