Chifukwa chake njere ya amla imachedwa kumera

Ku India kuli mtengo wotchedwa amla, asayansi amati Phyllanthus emblica. Zipatso zake n'zazing'ono, zobiriwira, zowawasa zedi, koma zodzaza ndi vitamini C.

Chimene chimandichititsa chidwi ine ndi cholimba chimene chimatsala ukadya chipatsocho. Ambiri amayesa ndiyo njere. Ayi ndithu, chimenecho ndi chigoba cha zipinda zitatu, chipinda chilichonse njere ziwiri. Alimi amachiyanika padzuwa mpaka ching'ambike chokha, njere n'kutuluka.

Ngakhale itatuluka, njereyo siyifulumira. Khungu lake ndi lolimba, madzi salowa msanga, ndiye kamluza ka m'kati kamangogona. Paja mbewu imafuna madzi, mpweya ndi kutentha kuti imere, eti? N'chifukwa chake amaziviika m'madzi tsiku lathunthu asanafese. Zoyandama nthawi zambiri zimakhala zopanda kanthu.

Koma ndikuchenjezeni: mtengo wochokera ku njere umatha zaka 7 kapena 8 usanabale, ndipo zipatso zake sizifanana kwenikweni ndi za mtengo umene njereyo idachokera. Alimi a ku Pratapgarh, komwe amla amalimidwa kwambiri, amamezanitsa mbande zotere ndi mtengo wobala bwino.