Tikatseka Sabata, Tionere Chiyani?

Dzuwa likalowa, tatseka Sabata ndi pemphero, m'nyumba zambiri aliyense amathamangira foni yake. Bambo ali pa mpira, ana ali pa TikTok, mayi akuodzera pampando. Ife tikuti usiku umenewu ndi wabwino kuonera kanema mmodzi banja lonse pamodzi, ndipo alipo amene sangatiwonongere bandulo pachabe.

Woyamba ndi Live to 100: Secrets of the Blue Zones, wa zigawo zinayi, amene anatuluka pa Netflix mu 2023. Dan Buettner amayendera malo amene anthu amakalamba ali ndi mphamvu: Okinawa ku Japan, Sardinia ku Italy, Ikaria ku Greece, Nicoya ku Costa Rica, ndiponso Loma Linda ku California, kumene kuli abale athu ambiri a mpingo wa Adventist. Kumeneko timaona nkhalamba zikulimbitsa thupi, zikudya nyemba, mtedza ndi ndiwo zamasamba, zikutumikira anzawo ndi kupuma tsiku la Sabata. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2001 anapeza kuti amuna a Adventist ku California amakhala zaka pafupifupi 7 kuposa amuna ena a m'deralo, ndipo akazi amaposa anzawo ndi zaka zopitirira 4.

Kanemayu akhoza kutinyadiritsa, koma kunena zoona ayenera kutichititsa manyazi pang'ono. Ambiri a ife timatchedwa ndi dzina lomwelo, komabe pa chakudya chamasana cha Sabata timadzaza tebulo ndi zakumwa za shuga ndi zokazinga zonona mafuta, nyemba n'kumaziona ngati ndiwo za kumapeto kwa mwezi. Zaka zija sizibwera ndi kalata ya ubatizo ayi. Tidziwenso kuti akatswiri ena amakayikira zaka za nkhalamba za m'madera ena a mu kanemayu, chifukwa zikalata zakale za kubadwa sizinasungidwe bwino. Tionere ndi maso awiri, ndipo amene ali pa mankhwala a shuga kapena a BP asasiye kumwa chifukwa cha kanema.

Kwa achinyamata ulipo The Conscientious Objector wa 2004. Mmenemo Desmond Doss akufotokoza ndi pakamwa pake mmene anakanira kugwira mfuti pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, n'kupulumutsa asilikali ovulala pafupifupi 75 ku Okinawa mu 1945. Timaukonda kuposa Hacksaw Ridge wa 2016, amene ali ndi magazi ochuluka kwambiri kuti ana aonere.

Nanga zoseketsa? Apa m'povuta, chifukwa ambiri amene amaima okha pansanja n'kumaseketsa anthu amadalira kutukwana ndi zolaula. Nate Bargatze wa ku America satukwana. Mu The Tennessee Kid ya 2019 amadziseka yekha pa zinthu za tsiku ndi tsiku, ndipo amalankhula mosathamanga, moti Chingelezi chake n'chotsatirika. Daliso Chaponda, mwana wa kwathu amene anakhala wachitatu pa Britain's Got Talent mu 2017, ndi wanzeru zedi, ndipo amadziwa kuseka mmene azungu amaganizira za Africa. Koma nthabwala zake zina n'za akuluakulu okha. Makolo tiyambe taonera tokha m'kati mwa sabata, tisankhe zoyenera, kenaka tiitane ana pa mphasa ndi mbale ya mtedza wokazinga.