Nyanja ya Chilwa: Oyesa Madzi ndi Ofunsa Anthu

Ambiri a ife tikamadya nsima ya matemba sitiganizira za nyanja imene idaŵabala. Nyanja ya Chilwa, imene yakhudza maboma a Zomba, Machinga ndi Phalombe, njosazama, ndiponso palibe mtsinje wotuluka m'menemo. Mvula ikachepa zaka zotsatizana, madzi ake amaphwa. Zidatero mu 1968, mu 1995 ndiponso mu 2018.

M'chaka cha 1966 aphunzitsi a pa Yunivesite ya Malaŵi adayamba kuifufuza nyanjayi, ndipo ntchitoyo idatenga zaka 10. Zimene adapeza zidatuluka m'buku mu 1979, mmodzi wa akonzi ake ali mayi Margaret Kalk. Patangopita zaka ziŵiri chiyambire ntchitoyo, nyanja idauma iwo akupenya. Adaona kuti matemba, makumba ndi milamba sizidathe psiti: zina zidabisala m'madambo ndi m'maiŵe a mitsinje yothira m'nyanjamo, monga Likangala ndi Domasi. Madzi atabwerera, zotsalazo ndizo zidaswana ndi kudzazanso nyanja.

Koma anzeruwo sadalekere pa madzi ndi nsomba pokha. Ena a iwo adafufuza za asodzi ndi ogulitsa nsomba, napeza kuti nyanja itauma ena adatembenukira ku khasu, ena adasamukira ku nyanja zina monga Malombe. Apa mpamene pagona phunziro. Woyesa madzi angatiuze kumene mbeu ya nsomba yabisala. Koma ngati mbeuyo ipulumuka kapena ayi, zili m'manja mwa bambo amene ana ake agona ndi njala pafupi ndi dziŵelo. Akathiramo katupe lero, wapha nsomba za zaka zam'tsogolo. Nchifukwa chake nyanja itaumanso mu 1995, a boma adagwirizana ndi mafumu ndi anthu a m'midzi kuti alondere maiŵewo.

Tsono, aŵerengi okondedwa, ofufuza zachilengedwe ndi ofufuza za chikhalidwe cha anthu ayenera kuyendera limodzi, osati chaka chimodzi chokha, koma zaka zambiri. Mutu umodzi susenza denga. Ifenso m'mabanja mwathu tikumbukire Yosefe ku Ejipito, amene adasunga tirigu m'zaka za dzinthu. Nyanja ya Chilwa idzaumanso tsiku lina. Kodi tsikulo lidzatipeza titasunga chiyani?