Kwacha, Ngwee ndi Tambala pa Thabwa la Scrabble

Pachipata cha Mwami, pamene boma la Mchinji limalekezera ndipo msewu umatsetserekera ku Chipata, liwu lomveka kwambiri ndi lakuti kwacha. Osintha ndalama, mipukutu ili m'manja, amathamangira aliyense wotsika galimoto: "Bwana, ya Malawi kapena ya Zambia?" Ambiri a iwo sadziwa kuti ku London, ku Lagos ndi ku Sydney kuli anthu amene analoweza liwu lomwelo pamtima, chonsecho ndalamayo sanaigwirepo. Awa ndi osewera Scrabble, ndipo kwa iwo "kwacha" ndi malembo 6 obweretsa mapointi 18.

Mawu akuti kwacha, ngwee ndi tambala onse amaloledwa m'masewerawa m'Chingerezi, poti ndi mayina a ndalama. Ngwee amapatsa mapointi 9. Tambala amapatsa 11, koma popeza ali ndi malembo 7, woika timatabwa take tonse nthawi imodzi amalandira ena 50 apamwamba.

Scrabble anaiyambitsa ndi Alfred Butts wa ku America m'zaka za m'ma 1930, ndipo dzina lakeli linabwera mu 1948. Butts anawerenga malembo m'nyuzipepala kuti aone opezeka kawirikawiri ndi osowa. N'chifukwa chake pa timatabwa 100 ta m'thumba, 12 ndi ta E, 9 ndi ta A, koma Q ndi Z n'kamodzikamodzi ndipo kalikonse n'ka mapointi 10. Wofuna kupambana amasonkhanitsa mawu m'magulu monga mlimi wa ku Kamwendo amasankhulira mtedza: mawu okhala ndi Q wopanda U, ngati "qi" ndi "qat", mawu a malembo awiri, amene alipo oposa 100, mawu othera chimodzimodzi, ngati "night", "light" ndi "sight". Tanthauzo silifunsidwa. Mu 2015 Nigel Richards wa ku New Zealand anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa asakutha kuyankhula chinenerocho, atangoloweza mawu a m'dikishonale. Chaka chomwecho ku Perth, Wellington Jighere wa ku Nigeria anakhala munthu woyamba wa mu Africa kutenga chikho cha Scrabble ya Chingerezi.

Chingerezi, chimene chinabala masewera otere, chili ndi kalembedwe kosocheretsa. Mawu akuti "though", "through", "tough" ndi "cough" amathera ndi malembo anayi ofanana, koma lililonse limatuluka mkamwa mwanjira yake. Mwana wa sukulu ku Mkanda amene wakumana nawo pabolodi amadziwa thukuta lake. Komabe m'chinenero chomwechi munatuluka masewera ambiri a mawu, kuyambira mabokosi odzaza mawu amene Arthur Wynne anatulutsa m'nyuzipepala ya New York World mu 1913, kufikira Wordle wa Josh Wardle, amene anatchuka palamya kumapeto kwa 2021 ndipo amapatsa munthu mpata kasanu ndi kamodzi kuti apeze liwu la malembo asanu.

Kumudzi ku Mchinji masewera a mawu amayamba nsima ya madzulo itatha. Ana akhala pamphasa, gogo akusenda chinangwa, wina akuti "Ndagi!" enawo n'kuvomera "Jize!" Akafunsa za nyumba yopanda khomo, pamakhala zii pang'ono, kenaka kamwana kakuwa kuti dzira. Palibe wawerenga malembo, palibe walemba mapointi. Wopambana ndi amene waona kufanana kwa zinthu ziwiri zimene ena sanazilumikize, ndipo ogonja amapereka ng'ombe zapakamwa kuti auzidwe yankho.

Chichewa chimasewera ndi khutu. Mtengo womera kumunda ndi mtengo wa fetereza amalembedwa mofanana, koma amasiyana ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Khungu la pathupi ndi khungu la maso n'chimodzimodzi. Kampweya kakang'ono kamalekanitsa pala ndi phala, tumba ndi thumba. Palinso mivekero, monga psuu, mbuu, bii ndi zii, imene imajambula chinthu ndi phatikizo limodzi. Ngwee amene ali pathabwa la Scrabble ndi mvekero wotere, wa kuwala kwa m'bandakucha, ndipo anthu a ku Zambia ankaufuula poyankha "Kwacha!" pomenyera ufulu, usanakhale dzina la ndalama mu 1968. Malawi anatenga kwacha ndi tambala mu 1971. Wosewera wa ku Sydney amapeza mapointi 9. Mbiri yonseyi imamudutsa.

Izi sizikutanthauza kuti Chichewa sichingasewere ndi malembo, koma thabwa lake liyenera kusemedwa mwatsopano. Mawu ake amathera ndi lembo la liwu, ndipo aneni pafupifupi onse amathera ndi A, choncho timatabwa 9 ta A tingathe masewera asanafike pakati. Q ndi X sangakhale ndi ntchito. Liwu limodzi lingakhale chiganizo chathunthu: "sindidzakupatsaninso" ali ndi malembo 20, pamene mzere wa Scrabble uli ndi mabokosi 15 okha. Mwina timatabwa tabwino tingakhale ta maphatikizo, ma, me, mi, mo, mu, monga ana amaphunzirira kuwerenga mu Sitandade 1. Ndiye kuti "ka", "la" ndi "ta" zingapange kalata, ndipo pochotsapo kamodzi n'kutsala kala kapena lata.

Kumalire kungabuke mlandu wina wokoma. Ku Malawi amalemba chimanga ndi ntchito, potsatira malamulo a kalembedwe a 1973, pamene m'mabuku a sukulu a ku Zambia muli cimanga ndi nchito. Ana a ku Mchinji ndi a ku Chipata angamvane pa ndagi iliyonse, koma pathabwa la malembo angayambe agwirizana za H ndi T. Wogamula milandu ina alipo kale: Mtanthauziramawu wa Chinyanja, umene unasindikizidwa mu 2000 ndi akatswiri a Centre for Language Studies.

Mwana wa m'boma la Mchinji ali ndi mwayi wogwira zonse ziwiri. Magulu a mawu a Chingerezi angamuthandize pa mayeso, ndipo ndagi, zining'a ndi mivekero zingamusungire chinenero chimene amaganizira. Chosowa ndi masewera a malembo a Chichewa chenicheni. Aphunzitsi a ku Kapiri, ku Magawa ndi ku Kamwendo, katoni yakale, sizasi ndi cholembera n'zokwanira. Dulani timakadi ta maphatikizo, muwagawire ana Lachisanu likubwerali, muone mawu amene atuluke.